Kalata ya Mwini: Mau Olankhulidwa kwa Aphunzitsi pa Nkhani ya Kulowa Mozemba m'Kompyuta

Mphunzitsi wa kumudzi adziwa bwino ulemu woyenera kalata. Makalata a mudzi wonse kawirikawiri amafikira m'manja mwace, ndipo iye satsegula kalata mwini wace asanafike, ngakhale envulopu ili yosamata bwino. Masiku ano makalata ambiri asamukira m'foni ndi m'kompyuta, ndipo kwabuka anthu odziwa kulowamo popanda cilolezo ca mwini. Angerezi amati mcitidwe umenewu ndi hacking. Wocita zotere akagwidwa amadzikanira kuti sanabe kanthu, anangoona cabe. Tsono funso loyenera kuliganizira ndi ili: kodi kuona kokha ndi mlandu?

Malamulo a maboma anacedwa kuyankha funsoli. M'caka ca 1984 ku Britain amuna awiri, Robert Schifreen ndi Stephen Gold, analowa m'makina a mauthenga, dzina lace Prestel. Schifreen anali atapeza nambala ina yacinsinsi, ndiyo 1234, ndipo awiriwo anafika kufikira m'bokosi la mauthenga la Prince Philip, mwamuna wa Mfumukazi Elizabeth. Popeza panalibe lamulo loloza mlandu wotere, anawazenga pa lamulo la 1981 loletsa zikalata zacinyengo. Bwalo loyamba linawapeza olakwa mu 1986, koma bwalo la apilo linawamasula, ndipo mu 1988 bwalo lalikulu la House of Lords linabvomereza kumasulidwako, pakuti lamulo lija silinapangidwire nkhani yotere. Cifukwa cace mu 1990 nyumba ya malamulo inakhazika lamulo la Computer Misuse Act, lonena kuti kulowa mwadala m'kompyuta popanda cilolezo ndi mlandu, ngakhale wolowayo sanaononge kapena kutenga kanthu. America anapanga lamulo lace mu 1986, Israel mu 1995, ndipo Zambia mu 2004, nawonjeza ena mu 2021 ndi mu 2025.

Koma aphunzitsi a cilamulo ca Ayuda anali atayankha kale funsoli kompyuta zisanakhaleko. Ziphunzitso zao zinai ziyenera kukumbukiridwa.

Coyamba cikhudza makalata. Pafupi ndi caka ca 1000, mu mzinda wa Mainz ku Germany munali mphunzitsi womveka, Gershom ben Judah. Mwambo wa Ayuda umati iye ndiye analetsa kuwerenga kalata ya munthu wina popanda cilolezo, ndipo wolakwira lamuloli akanacotsedwa mu msonkhano wa anzace. Nthawi imeneyo amalonda ankatumiza makalata ao mwa anthu apaulendo, ndipo popanda cikhulupiriro cotere malonda sakanayenda. Pambuyo pace Ayuda ena anazolowera kulemba pa kalata zilembo zocepa zokumbutsa wonyamula za ciletso cimeneci.

Caciwiri cikhudza maso. Buku la Mishnah, losonkhanitsidwa pafupi ndi caka ca 200, liletsa munthu kutsegula khomo kapena zenera lace mopenyana ndi la mnzace pa bwalo limene akhalira pamodzi. Aphunzitsi ao anawerengera kuyang'ana m'nyumba ya mwini ngati kumuononga, pakuti munthu wopenyedwa sakhalanso mfulu pakhomo pace.

Cacitatu cikhudza kubwereka. Mu Talmud anzeru anagamula kuti wotenga cinthu ca mnzace, mwini osadziwa, ayesedwa wolanda, ngakhale afuna kucibweza. Aphunzitsi a masiku ano amati wogwiritsa nchito kompyuta ya mwini mozemba ali pa mlandu womwewo.

Cacinai cikhudza boma. Samuel, mphunzitsi wa ku Babulo m'zaka za m'ma 200, anaphunzitsa kuti lamulo la dziko limene Myuda akhalamo limmanga iyenso. Motero Myuda wolakwira lamulo la boma pa nkhani ya kompyuta walakwiranso cilamulo ca makolo ace.

Malamulo awiriwa agwirizana pa cinthu cimodzi cacikulu, ndico cilolezo. Mmisiri woitanidwa ndi mwini kuti ayese kulimba kwa makina ace alibe mlandu, ngakhale acita zomwezo zimene wakuba acita. Koma pali pamene asiyana. Cilamulo ca Ayuda ciika kupulumutsa moyo pamwamba pa malamulo pafupifupi onse, kotero kuti cinsinsi cikhoza kutsegulidwa pofuna kulanditsa munthu ku imfa. Boma nalo lipereka mphamvu yotere kwa apolisi ndi oweruza, ndipo munthu wamba wolowa yekha angazengedwe mlandu ngakhale colinga cace cinali cabwino.

Nanga izi zitani ndi sukulu ya kumudzi? M'kalasi iri yonse muli mwana wocenjera amene adzadziwa makinawa kuposa mphunzitsi wace. Mwana wotere asadzudzulidwe cifukwa ca cidwi cace, pakuti dziko lisowa amisiri oteteza makina. Koma aphunzitsidwe msanga kuti khomo losatseka bwino silipatsa munthu ufulu wa kulowa. Mwanayo adziwa kale kuti mlendo amaodira pabwalo ngakhale citseko ciri cotseguka, nadikira kufikira mwini amyankhe. Nchito ya mphunzitsi ndiyo kumuonetsa kuti mwambo womwewo ugwiranso pa foni ya mnzace.

Ndipo mphunzitsi ayambe ndi iye mwini. Akalanda foni ya mwana m'kalasi, aisunge yotseka kufikira aibweze. Ngati aopa kuti mwanayo ali pa ngozi, aitane makolo ndi mkulu wa sukulu, nkhaniyo ionedwe poyera. Ana akaona kuti mphunzitsi wao sawerenga zimene sanapatsidwe, adzakhulupirira mau ace pa tsiku limene adzawaletsa iwo kucita cimodzimodzi.