Ulendo wa Pansi Kucokera kwa Mwase Kukakwera Muchinga

 Madzulo ano ndifuna kukamba nanu za ulendo wa pansi umene ndinayenda kucokera kwathu kwa Mwase Lundazi, kutsikira m'cigwa ca Luangwa, kufikira pamwamba pa mapiri a Muchinga. Unali mwezi wa August caka ca 2019, ndipo tinatha masiku 15 m'njira.

Kapena wina afunsa kuti, "Nanga munthu wanzeru zake ayenderanji pansi masiku ano a mabasi?" Cifukwa cake ndi ici. Ambuye anga, atate ao a mai, anapita njira yomweyi ali mnyamata. Masiku amenewo boma la Angerezi linali kufuna msonkho wa ndalama, ndipo ndalama sizinali kumera m'munda. Mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya unayamba kutulutsa mkuwa mu 1931, wa Nkana mu 1932, wa Mufulira mu 1933, ndipo mbiri yake inafika m'midzi yathu. Ambuye anapinda mphasa, namanga kamba, nalowera kumadzulo. Anamwalira ndisanawafunse bwino za ulendowo. Tsono ndinati mapazi anga akandiuze zimene pakamwa panga sipanafunse.

Tinali atatu: ine, msuweni wanga, ndi atsibweni amene anagwirapo nchito ku Mufulira, munthu wa imvi ndi woyenda pang'onopang'ono. Usiku wakuti mawa tinyamuka, atsibweni anamasula mitolo yathu nayang'ana cinthu cimodzicimodzi. Anasiyamo ufa, mcere, kapenta, nshawa zokazinga, mphika umodzi, kankhwangwa, mabulangete, maneti a udzudzu ndi zigubu za madzi. Nyemba anazicotsa, nati, "Izi zidya nkhuni, madzi ndi nthawi, ndipo pa ulendo zitatu zonsezi n'zosowa." Ataona nsapato zanga zatsopano zimene ndinagula m'tauni anapukusa mutu, koma ine sindinasamale.

Tsiku la pa ulendo liri ndi malamulo ake. Tinali kudzuka nthanda itatuluka, kumwa phala, ndi kuyenda kufikira dzuwa litayandikira pamutu. Pamenepo tinali kufuna mthunzi, kubvula nsapato, ndi kugona cagada. Dzuwa litapendeka tinali kunyamukanso, kuti tikafike pamudzi kusanade, pakuti mlendo wofika usiku aopsa eni mudzi. Tikafika tinali kufunsa nyumba ya mfumu, kunena odi, kukhala pansi ndi kudikira. Atsibweni ndiwo anali kupereka malonje: kumene tacokera, mwana wa yani, kumene tirinkupita. Malonje akatha ndipo pamabwera madzi akumwa ndi malo ogona.

Masiku oyamba ndinabvutika mtima ndi kayendedwe ka atsibweni. Ndinali kutsogola patali, n'kukhala pa citsa kuwadikira, nkhope itakwinyika. Iwo akafika anali kungoti, "Mphwanga, njira sithawa."

Titapitirira boma la Lundazi tinalunjika kwa Mfumu Kazembe, ndipo dziko linayamba kutsika. Kwathu kumtunda tiri pa mamita oposa 1,000 pamwamba pa nyanja yamcere, koma mtsinje wa Luangwa uli pafupifupi theka lake la msinkhu umenewo. Munthu aona kutsikako ndi mitengo. Mombo ndi masuku zinatsalira m'mbuyo; m'malo mwake munabwera milambe ndi nkhalango za tsanya, zimene m'cirimwe ziribe mthunzi wokwanira ngakhale mbuzi. Mphepo yozizira ya kwathu inaleka. Kashembe anatilandira, ndipo msuweni wanga, amene anabvala malaya abuluu, ndiye analumidwa koposa, cifukwa nchenche zimenezi zikonda nsaru yabuluu ndi yakuda. Kuyambira tsiku lomwelo malayawo anakhala pansi pa mtolo.

M'cigwa mitsinje yambiri imauma m'cirimwe, nitsala mcenga wokhawokha. Tinaphunzira kufuna pokhota mtsinje, kufukula mcenga kufikira m'cigongono, ndi kudikira kuti madzi abwere ndi kudikha. Tinali kuwaphitsa madzulo, kuti m'mawa tidzaze zigubu. Amene mutsegula mpope m'nyumba simudziwa kulemera kwa madzi kufikira mutawasenza tsiku lonse.

Kwa Mfumu Chitungulu tinafika pafupi ndi nkhalango ya nyama ya Luambe. Lamulo sililola munthu kuyenda pansi m'malo otere popanda mlonda wa nyama wa boma wonyamula mfuti, ndipo ife tinayenda naye mmodzi. M'mawa wina anaima mwadzidzidzi natukula dzanja. Patsogolo pathu panali njobvu ndi ana ao. Iye anatapa pfumbi, naligwetsa pang'onopang'ono kuti aone kumene mphepo irikupita. Ndipo tinazungulira kutali, mbali imene pfungo lathu silikanazifikira. Palibe analankhula kufikira titaoloka dambo.

Luangwa tinaoloka pa bwato, mvuu zirikutiyang'ana, ng'ona zitagona pa mcenga. David Livingstone anaoloka mtsinje womwewu mu December 1866 nakwera Muchinga nthawi ya mvula, ali ndi njala yaikuru. Ndipo mu January 1867 bokosi lake la mankhwala linamka ndi amtengatenga amene anathawa. Dzina lake liri m'mabuku. Maina a anthu athu amene anaoloka pomwepo ndi mphasa pamutu sanalembedwe.

Tsono tifike pa cimene ndadzera. Tsidya lija, m'dziko la Mfumu Nabwalya, nsapato zanga zinandibweza. Matuza amene ndinali kubisa masiku anai anaphulika, mapazi natupa, kotero kuti sindinathe kuponda pansi. Anzanga anandigwiriza kufikira pa kamudzi ka nyumba zowerengeka. Anthu a kumeneko ndi Abiza, ndipo cinenero cao ine sindicimva. Mai wina wokalamba anayang'ana mapazi anga osanena kanthu. Anateleka madzi, nathiramo mcere wake, natsuka zironda zanga ndi manja ake. Madzulo anatiphikira nsima ya mapira. M'mawa ndinaona nkhokwe yake: inali yosafika ndi pakati pomwe, pakuti njobvu zinalowa m'munda mwake caka cimeneco.

Tinagona pamenepo masiku awiri. Potsazika ndinaturutsa ndalama, koma iwo anabweza dzanja langa, nalankhula mau amene atsibweni, odziwa Ciwemba ca kumigodi, anandimasulira: "Mwana wanga ali ku Kitwe. Sindidziwa amene alikumpatsa madzi kumeneko." Tinawasiyira mcere wathu ndi kapenta, ndipo zimenezo analandira ndi manja awiri.

Muchinga uoneka kutali ngati mtambo wakuda wogona pansi. Ukayandikira uona kuti ndi khoma. Kucokera m'cigwa munthu akwera mamita mazana ambiri, pa miyala yoterereka ndi udzu wouma. Tinayamba kukali mdima. Pa tsinde la phiri atsibweni anati, "Mphwanga, tsogola ndiwe." Ndinadabwa, popeza tsopano wotsimphina ndinali ine. Iwo anati, "Pa phiri atsogola wofooka, kuti amphamvu asamsiye." Ndinakumbukira zitsa zija ndinali kukhalapo powadikira, ndipo manyazi anandigwira. Msuweni anasenza mtolo wanga pamwamba pa wake. Tinakwera ndi mapazi afupiafupi, osayang'ana kumwamba, kupuma ciriri, kumwa madzi pang'ono pokha. Kawiri ndinayesa kuti tafika, koma kuseri kwa mtunda kunali mtunda wina.

Dzuwa litapendeka mphepo yozizira inatiomba kumaso, ndipo tinaonanso mitengo ya mombo monga ya kwathu. Tinamwa pa kamtsinje ka madzi oyera, osafukula mcenga. Poceuka tinaona cigwa conse ciri pansi pathu, cotuwa ndi utsi wa lupsa. Atsibweni anabvula cipewa, natchula dzina la atate ao. Patapita masiku atatu tinamva kulira kwa malole pa mseu waukuru wa kumpoto, kufupi ndi Mpika. Ife tinakwera basi. Ambuye anga pofika pamenepo anali asanathe ulendo, pakuti njanji ya TAZARA inafika ku Mpika m'zaka za m'ma 1970. Iwo anayendabe pansi kufikira ku njanji yakale yopita kumigodi.

Wina akafuna kuyenda njira imeneyi, ayende pakati pa June ndi August, madzi ataphwa ndi kutentha kwa October kusanafike. Abvale nsapato zozolowera phazi lake, anyamule neti ndi mankhwala a malungo, apemphe mlonda wa nyama, ndipo asapitirire mudzi osaonekera kwa mfumu.

Koma ambiri a inu simudzayenda njirayi, ndipo mau anga otsiriza ndi anu. Makolo athu amene anafika kumigodi sanafike ndi mphamvu zao zokha. Anadya nsima ya anthu osawadziwa, nagona m'mphala za eni ake, naoloka pa mabwato a ena. Nyumba imene mukhalamo lero ku Chingola kapena ku Luanshya inayambira pa nsima imeneyo. Ndidziwa kuti m'tauni ufa ndi wogula, madzi ndi olipira, ndipo cipinda n'cimodzi. Sindinena kuti musunge mlendo mwezi wathunthu. Akulu anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Koma mnyamata akagogoda pakhomo panu, wotuwa ndi pfumbi, wolankhula cinenero cimene simucimva bwino, mpatseni mpando ndi madzi, mumve malonje ake. Kapena ndiye mwana wa mai uja wa kwa Nabwalya.