Mlendo Agone ku Kabula



Akale anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mwambiwu umalangiza mwini mudzi kuti asatope ndi mlendo, koma ku Blantyre wasanduka chithunzi cha zochitika tsiku ndi tsiku. Mlendo amatera pa bwalo la ndege la Chileka, nakwera galimoto, nadutsa mumzinda akusuzumira pazenera, ali pa ulendo wa ku phiri la Mulanje, ku minda ya tiyi ya ku Thyolo, ku nkhalango ya Majete kapena ku nyanja ku Mangochi. Akagona muno, amagona usiku umodzi wodikira ndege. Ndalama zake zimakathera kwina, ndipo mbiri ya Kabula amachoka osaimva. Chomuthamangitsa n'chakuti mzinda sunagawe malo ake ndi nthawi yake mwakuti munthu aime, ayende wapansi ndi kumvetsera.

Zoti aone zilipo zambiri. Mu 1876 Henry Henderson, motsogozedwa ndi Tom Bokwito, anapeza malo a mishoni m'dera la mfumu Kapeni, ndipo mishoniyo inatchedwa Blantyre pokumbukira kwawo kwa David Livingstone ku Scotland. Pamalopo paima tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene David Clement Scott, munthu wosaphunzira zomangamanga, anamanga pamodzi ndi amisiri akuno kuyambira 1888 mpaka 1891, ndi njerwa zoumba ndi kuotcha konkuno. Nyumba ya Mandala ndi ya mu 1882, ndipo dzina lake linachokera ku magalasi amene John Moir ankavala. Ku Mandala komweko n'kumene ankhondo a John Chilembwe anapita kukalanda mfuti mu Januwale 1915. Njanji inafika mu 1908, Limbe nakula ndi sitima ndi fodya, mpaka matauni awiriwa anaphatikizidwa mu 1956. Pakati pawo, ku Chichiri, pali nyumba yosungiramo zinthu zakale ndi chipilala cha ufulu. Dzina la Wenela likukumbutsa amuna amene ankanyamukira pamenepo kupita ku migodi ya ku Joni, ndipo la Kanjedza likukumbutsa omenyera ufulu amene anatsekeredwa kumeneko mu 1959.

Nkhani yoyamba tsono ndi ya malo. Kuchokera pa mishoni, kudzera mu Victoria Avenue pamene pali holo yakale yokumbukira Mfumukazi Victoria, kukafika ku Mandala, ndi mtunda woti munthu woyenda mosathamanga n'kuutha mmawa umodzi. Koma woyenda wapansi amalimbana ndi maminibasi ndi njinga zamoto za kabaza, amalumpha ngalande zosavindikira, napuma mpweya wa mtsinje wa Mudi umene unaleka kalekale kukhala mtsinje womwa. Chikwangwani chomuuza kuti pano panachitika chakuti amachita kuchifunafuna. Njira imodzi yokonzedwa bwino, yokhala ndi mitengo ya mthunzi, mipando, magetsi, zimbudzi zaukhondo ndi zikwangwani za m'Chichewa, Chiyao ndi Chingerezi, ikhoza kumanga pamodzi zaka pafupifupi 150 za mbiri. Mtengo wake sungafike pa mtengo wa hotela imodzi yatsopano, ndipo woyamba kupindula nayo ndi mwana wa sukulu wa ku Ndirande, amene nayenso ndi mlendo pa mbiri ya kwawo.

Nkhani yachiwiri ndi ya nthawi, imene okonza mizinda amaiiwala kawirikawiri chifukwa sijambulidwa pa mapu. Blantyre ali ndi kapumidwe kake. Mmawa anthu amakhamukira m'tauni kuchokera ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa ndi ku Machinjiri, ndipo msewu wa Masauko Chipembere umadzaza mpaka galimoto kuyenda ngati nkhono. Ikangokwana 5 koloko madzulo, masitolo amatsekedwa, khamu lija libwerera kumene linachokera, pakati pa tauni nkukhala zii. Lamulungu misewu imangoti mbee. Choncho nthawi imene mlendo ali ndi mpata, mzinda umakhala utatseka zitseko. Nthawi imene mzinda watsegula, mlendo amasowa popondera.

Mizinda ina inaphunzira kuti bwalo limodzi likhoza kugwira ntchito ziwiri pa maola osiyana. Ku Zanzibar, munda wa Forodhani m'mphepete mwa nyanja umakhala malo opumulirako masana, koma dzuwa likalowa umasanduka msika wa zakudya kumene eni dziko ndi alendo amadyera pamodzi. Ku Kigali, kuyambira 2016, misewu ina imatsekedwa kwa galimoto mmawa wa masiku ena a Lamulungu kuti anthu ayende ndi kuthamanga momasuka. Ku Venice, kumene alendo anachuluka mpaka eni mzinda kuyamba kusamuka, akuluakulu anayamba mu 2024 kulipiritsa mayuro 5 kwa obwera tsiku limodzi pa masiku odzaza kwambiri. Blantyre sanafike pa vuto la Venice, ndipo umenewu ndiwo mwayi wake, pakuti mmera m'poyamba. Victoria Avenue atatsekedwa kwa galimoto Loweruka limodzi pa mwezi, kuyambira madzulo mpaka usiku, osema ziboliboli, oluka madengu, ophika kondowole ndi chambo, oimba bangwe ndi ovina tchopa, ngoma ndi manganje akhoza kupeza bwalo popanda khonsolo kumanga chipupa n'chimodzi chomwe.

Chaka nachonso chili ndi magawo ake. Pali 15 Januwale, tsiku la Chilembwe. 3 Malichi, tsiku la ofera ufulu. 6 Julaye, tsiku la ufulu. Pali chionetsero cha zamalonda ku Chichiri ndi nyengo ya msika wa fodya ku Limbe. Mu Okutobala, mitengo ya jakaranda itachita maluwa, anthu miyandamiyanda amadutsa mu Limbe kupita ku Chonde ku mwambo wa Mulhako wa Alhomwe. Masiku amenewa amadziwika chaka chisanayambe. Khonsolo, eni mahotela, oyendetsa maminibasi, apolisi ndi mabungwe a chikhalidwe atakhala pansi mu Januwale nkulemba kalendala imodzi, zochitika sizingaunjikane pa sabata imodzi miyezi ina ili yopanda kanthu, ndipo wodzera mwambo umodzi akhoza kupeza chifukwa chogonera masiku atatu.

Komabe pali maenje atatu amene kukonza kotere kuyenera kulambalala. Loyamba ndi kuganiza kuti mzinda wokongola ndi mzinda wopanda osauka. Mu 2006 boma linachotsa mavenda m'misewu, ndipo kuchokera pamenepo kuthamangitsana sikunathe, chifukwa wogulitsa amatsata pamene pali wogula. Kumupatsa malo odziwika pa maola odziwika n'kwanzeru kuposa kumulanda katundu lero, mawa nkumupeza pomwepo. Mayi wogulitsa mandasi ndi mbali ya Blantyre amene mlendo wadzera. Dzenje lachiwiri ndi kusasiyanitsa nyumba yakutha ndi nyumba ya mbiri. Nyenyezi yofiira imene inalembedwa pa nyumba zina zakale za m'tauni ndi chizindikiro choti zikonzedwe kapena zigwetsedwe, koma nyundo isanagwe, akatswiri a zakale ndi akuluakulu odziwa mbiri ayenera kufunsidwa. Nyumba yagalasi imamangidwa pa chaka chimodzi. Khonde la sitolo ya Mmwenye ya ku Limbe likagwa, lagwa. Dzenje lachitatu ndi kuiwala mapiri. Michiru, Ndirande, Soche ndi Mpingwe ndiwo nkhope ya mzinda uno. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala ya phiri la Soche, nakwirira mabanja ku Chilobwe ndi ku Manja. Kuteteza mapiri n'kuteteza moyo wa eni mzinda choyamba, kukopa alendo kumabwera pambuyo.

Pa ntchito yonseyi, bungwe la chikhalidwe lili ndi gawo limene katswiri wa mapulani sangalikwanitse yekha. Iye amadziwa kukula kwa msewu, koma ndi agogo a kwa Kapeni, kwa Machinjiri ndi kwa Somba amene amadziwa maina a zitsime, manda a mafumu ndi njira zimene amtengatenga ankadzera. Nkhani zimenezi zilembedwe eni ake akadali ndi moyo. Achinyamata aphunzitsidwe kuperekeza alendo ndi kufotokoza mbiri moona, osakometsera. Magule avinidwe pa nthawi ndi pamalo oyenera, zachinsinsi za miyambo zisagulitsidwe chifukwa cha kamera ya mlendo. Ndipo pamene khonsolo iitana anthu kudzakambirana mapulani a mzinda, mipando ya mafumu ndi ya mabungwe a chikhalidwe isapezeke yopanda anthu.

Mwambo uno ukatha, ng'oma zidzasungidwa ndipo aliyense adzalowera kwawo. Chotsala ndi pempho limodzi kwa olamula mzinda: njira imodzi ya oyenda pansi, madzulo amodzi pa mwezi, ndi kalendala imodzi ya chaka, kuti pofika mwambo wa chaka chamawa, mlendo adzakhale atagona ku Kabula mwa kufuna kwake.