Mphunzitsi ndi Mwana Wotaya Mtima

(Mau olankhulidwa pa msonkhano wa aphunzitsi a sukulu za misyoni za m'midzi)



Pa sitesheni ya Intercity, pa mseu wa Dedan Kimathi mu mzinda wa Lusaka, pamafika tsiku ndi tsiku mabasi ocokera ku Chipata, ku Katete, ku Petauke ndi ku Lundazi. Mwa anthu otsika m'mabasiwo muli ana a sukulu. Wina wakhoza mayeso kwao, ndipo atsibweni ace amuitana kuti adzapitirize maphunziro ku Kabwata kapena ku Chelstone. Wina ndi msungwana wotengedwa kukalera mwana m'nyumba ya ku Woodlands kapena ku Kabulonga, atalonjezedwa kuti adzamlowetsa sukulu. Ana onsewa anapyola m'manja mwa aphunzitsi a m'midzi. Cifukwa cace nkhani ya kudzipha kwa anyamata ndi asungwana, ingakhale imveka kawiri kawiri ku mizinda, iri nkhani ya mphunzitsi wa kumudzi yemwe.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la World Health Organization, linawerenga kuti m'caka ca 2019 anthu oposa 700,000 anadzipha, ndi kuti pakati pa a zaka 15 kufikira 29 kudzipha kunali kwacinai pa zinthu zotengera anthu kumanda. Cigawo ca Africa ndico cinaposa zigawo zonse: anthu 11 pa 100,000 ali onse, pamene pa dziko lonse anali 9. Ambiri ayesa kuti ili ndi tsoka la maiko acuma, koma pa imfa zinai ziri zonse zotere, zoposa zitatu zinacitika m'maiko osauka ndi apakati.

Mwana sadzipha cifukwa ca cinthu cimodzi cokha. Pamakhala katundu wounjikana: umasiye, kumenyedwa, kutonzedwa ndi anzace, mimba yosayembekezeka, kulakwa mayeso pamene makolo anagulitsa mbuzi kuti amphunzitse, cithunzi camanyazi cofalitsidwa pa foni, kapena nthenda ya kubvutika maganizo, imene iri nthenda ndithu monga malungo, ndipo iri nako kuciza kwace. Kumudzi mnyamata anali ndi gowelo ndi atsibweni, msungwana anali ndi kuka kwa agogo ndi anamkungwi. M'nyumba yozingidwa ndi mpanda wa njerwa akulu amacoka mbandakuca nabwera usiku. Mwana adya, abvala, koma palibe womfunsa za mumtima. Akale anati wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Mwana wotaya mtima satsekula, pakuti manyazi amuuza kuti iye ndi mtolo kwa onse. Ndiye munthu wa kubwalo ayenera kugogoda.

Kodi cimene cimlimbitsa mwana nciani? Mai Emmy Werner ndi anzace anatsata ana 698 obadwa m'caka ca 1955 pa cisumbu ca Kauai ku Hawaii, kufikira anawo atakwana zaka 40. Pafupi limodzi la magawo atatu a ana aja anabadwira m'umphawi ndi m'mabanja a ndeu, a ucidakwa kapena a matenda a maganizo. Koma mwa iwowa mmodzi pa atatu anakula bwino, nakhala munthu wodalirika pa nchito ndi pa banja. Pofufuza cimene cinawasiyanitsa ndi anzao, anapeza kuti mwa zina anali ndi munthu wamkulu mmodzi wowasamala: agogo, mnansi, mkulu wa mpingo, ndipo kawiri kawiri mphunzitsi. Pa maziko amenewa pali nchito zisanu zimene sukulu ya kumudzi ikhoza kucita popanda ndalama.

Yoyamba ndiyo kumperekeza mwana wopita ku mzinda. Mphunzitsi adziwe kuti akakhala ndi yani, ndipo akalowa sukulu iti. Alembe kalata kwa mphunzitsi wamkulu kapena wa uphungu wa sukuluyo, ndi kupempha abusa kuti apatse mwanayo kalata ya mpingo, kuti akafike monga wodziwika. Amlembere m'kope nambala 116, ndiyo lamya yaulere ya Childline Zambia, kumene mwana wobvutika akhoza kulankhula ndi mlangizi. Za msungwana wotengedwa kukalera mwana, mphunzitsi afunse makolo mwezi ndi mwezi ngati lonjezo la sukulu lakwaniridwa.

Yaciwiri ndiyo kuona ndi kufunsa. Mwana amene anali wansangala akayamba kudzipatula, kusiya kudya ndi kugona, kugawa zinthu zace zokondedwa, kapena kulemba m'cimangirizo kuti kulibwino akanafa, mphunzitsi amuitane pambali namfunse mosabisa ngati alikuganiza zodzipha. Ambiri aopa kuti funso lotere libzala maganizowo mumtima, koma ofufuza anayesa nkhani imeneyi napeza kuti silitero, limpeputsa mwanayo. Akabvomera, asasiyidwe yekha, asadzudzulidwe, ndipo mphunzitsi asalonjeze kusunga cinsinsi, koma amuuze kuti afunafuna pamodzi munthu wowathandiza. Atengedwe ku cipatala capafupi tsiku lomwelo. Matenda akulu a maganizo amatumizidwa ku cipatala ca Chainama Hills, cimene cinatsegulidwa mu 1962 pa mseu wa Great East ku Lusaka. Makolo ena amabisa mwana woyesa kudzipha poopa apolisi. Auzidwe kuti kuyambira lamulo la 1967 kuyesa kudzipha si mlandu m'Zambia, ndi kuti lamulo la 2019 la za umoyo wa maganizo limchinjiriza wodwala kuti asacitidwe cipongwe.

Yacitatu ikhudza alimi. Bungwe la umoyo lija liyesa kuti pa imfa zisanu za kudzipha pa dziko lonse, imodzi icokera ku mankhwala ophera tizirombo. Ku Sri Lanka boma linaletsa mankhwala oopsa koposa, ndipo pakati pa 1995 ndi 2015 kudzipha kunacepa ndi magawo pafupi 70 pa 100, osacepetsa zokolola. Tanthauzo lace ndi ili: mkuntho wa mumtima wa mwana umatha kawiri kawiri pa maora kapena masiku owerengeka, ndipo ngati coopsa siciri pafupi pa ora limenelo, mwana apulumuka. Ambiri opulumuka sadzafanso imfa yotere. Cotero pa msonkhano wa makolo mphunzitsi anene za kutsekera mankhwala a m'munda ndi a m'nkhokwe m'bokosi la loko kunja kwa nyumba yogonamo, ndipo a munda wa sukulu akhale oyamba kutsekeredwa.

Yacinai ndiyo kuonetsa ana kuti makomo satsekeka. Kuyambira 1997 msungwana wotenga mimba aloledwa kubwerera ku sukulu atacira. Lamulo la maphunziro la 2011 linaletsa cikoti. Kuyambira 2022 maphunziro a m'sukulu za boma ali aulere kufikira kumariza sekondale, ndipo wolakwa mayeso otsiriza a Examinations Council of Zambia akhoza kulembanso. Ana ambiri sadziwa zimenezi. Zinenedwe mayeso asanafike, makolo ali pomwepo, kuti tsiku la zotsatira lisakhale tsiku la ciweruzo. Ndipo mphunzitsi aleke mwambo woimiritsa wotsiriza m'kalasi kuti anzace amseke.

Yacisanu ndiyo yowawa koposa, ya pamene maliro acitika. Mtembo wa mwana wofera ku Lusaka ukabwera kudzaikidwa kwao, mudzi wonse umanong'ona, ena naloza zala kwa nkhalamba kuti ndi ufiti, ena kwa mai wompeza. Mphunzitsi wamkulu apangane ndi eni maliro, ndipo auze ana m'kalasi mwao zoona zazifupi, osafotokoza njira imene mnzao anafera, osamtemberera, osamsandutsa ngwazi, ndi osanena kuti cifukwa cace cinali cakuti. Aletse kutumizirana zithunzi pa Facebook ndi pa WhatsApp, pakuti zadziwika kuti nkhani yofalitsidwa mosasamala ikoka ana ena ofooka kale. Abale ace a womwalirayo ndi abwenzi ace apamtima ayang'aniridwe miyezi yambiri, ndipo akulu a mpingo asaleke kuponda pakhomo la anamfedwa.

Mphunzitsi asayese kuti asenza zonsezi yekha. Ku Mbare mu mzinda wa Harare, dotolo Dixon Chibanda anayamba mu 2006 nchito yochedwa Friendship Bench: amai acikulire anaphunzitsidwa kukhala pa benci kunja kwa cipatala ndi kumvera anthu obvutika mumtima, ndi kuwathandiza kumasula mabvuto ao limodzi limodzi. Poyesedwa mu 2016 nchitoyo inaoneka kuti icepetsadi nthendayo. Mudzi uli wonse uli nao amai a cigwirizano ndi madoda ofatsa, odziwa kusunga pakamwa, amene komiti ya sukulu ikhoza kuwasankha kuti ana awadziwe.

Buku la Macitidwe, mutu 16, lisimba za mdindo wa ndende ku Filipi, amene poona makomo otseguka anayesa kuti andende athawa, nafuna kudzipha. Munthuyo anasokera poganiza kuti zonse zatha, ndipo cimene cinampulumutsa ndi mau a Paulo, opfuula pa nthawi yace kuti onse analipo. Mwana wotaya mtima asokera momwemo, ndipo asowa munthu wapafupi wakuti amuuze zoona.

Tsono pempho la msonkhano uno ndi ili. Mphunzitsi ali yense pobwerera ku sukulu yace atenge kaundula wa kalasi, ndipo pa dzina liri lonse, ngakhale la mwana amene anasamukira ku mzinda, adzifunse kuti mwana uyu atabvutika usiku angauze munthu wamkulu uti. Maina opanda yankho alembedwe padera, ndipo pofika 10 September, tsiku limene maiko akumbukira za kupewa kudzipha kuyambira 2003, dzina liri lonse likhale litapeza munthu wace.