Zisudzo za Pasukulu Sizithera pa Nsanja

Ndikufuna kulankhulapo za kalabu ya zisudzo, imene makolo ambiri amaiyesa yotayitsa ana nthawi.

Chiyambire 1969, bungwe la aphunzitsi a Chingerezi la ATEM lakhala likuchititsa mpikisano wa zisudzo m'sukulu za sekondale. Cholinga chinali choti ana azolowere Chingerezi, koma phindu lake linapitirira pamenepo. Mu 1982 mnyamata wa pa HHI ku Blantyre, Du Chisiza Jr, anapambana ndi sewero lake lotchedwa The Deceased's Attack. Mu 1987 anayambitsa gulu la Wakhumbata, ndipo mu 1993 anakhala nduna yoona za achinyamata, masewera ndi chikhalidwe. Anatisiya mu 1999, koma anasula ambiri, kuphatikizapo malemu Gertrude Kamkwatira. Zonsezi zinamera pa nsanja ya pasukulu.

Komatu ambirife sitinakhale akatswiri a zisudzo. Ena ndi anamwino, ena aphunzitsi, ena tili m'boma. Nanga tinatolapo chiyani? Choyamba, kuima pamaso pa anthu mawondo osagwedezeka. Chachiwiri, kusunga nthawi, pakuti mmodzi akachedwa pokonzekera, sewero lonse limaima. Chachitatu, kumvetsera: pa nsanja sulankhula mnzako asanamalize. Chachinayi, kulowa mumtima mwa munthu wina. Mnyamata amene anasewerapo ngati mayi wamasiye wolandidwa katundu saiwala msanga akadzakhala pa desiki, mayi wotere ataima patsogolo pake.

Ku ntchito kwathu ndimakhala nawo pa gulu lofunsa mafunso anthu ofuna ntchito. Amabwera achinyamata a satifiketi zowala, koma kuwafunsa funso, maso pansi, mawu osamveka. Wina wa magiredi apakatikati amafotokoza bwinobwino, ndipo ukafufuza umapeza kuti anali m'zisudzo kapena m'kalabu ya mtsutso. Mayeso a MSCE sayesa zimenezi, koma moyo umayesa tsiku ndi tsiku.

Tsono a Mphunzitsi Wamkulu atiuza kuti kalabu ya pasukulu pathu ili m'tulo. Ana alipo, chidwi chilipo, chosowa ndi ndalama ya galimoto yopitira ku mpikisano, nsalu za zovala, ndi munthu wowalimbikitsa. Zimenezi sizingatikanike ife.

Pempho langa ndi ili: pa chopereka chathu cha chaka chino tipatuleko gawo la zisudzo, ndipo amene munali akatswiri muzibwera Loweruka limodzi pa teremu kudzawaphunzitsa ana. Akulu anati m'mera mpoyamba. Mwana wamanyazi amene wakhala kumbuyo kwa Fomu 1 lero akudikira wina womukweza pa nsanja, monga ena anatikwezera ife.