Al Edwards, Phungu Amene Analowetsa Tsiku la Ufulu M'malamulo



Pa 19 June 1865, mkulu wa asilikali Gordon Granger analengeza mumzinda wa Galveston, m'chigawo cha Texas ku America, kuti akapolo onse ndi mfulu. Uthengawo unachedwa ndi zaka ziwiri ndi theka, pakuti Pulezidenti Abraham Lincoln anali atalamula kale zimenezi pa 1 January 1863. Omasulidwawo ndi zidzukulu zawo ankakumbukira tsikuli chaka ndi chaka ndi mapemphero, nyimbo ndi madyerero, n'kulitcha Juneteenth. Komabe kwa zaka zoposa 100 boma silinaliwerengere pa masiku ake a tchuthi.

A Al Edwards a ku Houston analowa m'Nyumba ya Malamulo ya Texas mu 1979. Chaka chomwecho, akadali phungu watsopano, anapereka bilu yoti 19 June likhale tchuthi cha boma. Aphungu anavomereza, Bwanamkubwa Bill Clements anasaina, ndipo mu 1980 Texas inakhala chigawo choyamba kulemekeza tsikuli motero. A Edwards anatumikira m'nyumbayo zaka pafupifupi 30. Anamwalira mu 2020, kutatsala chaka chimodzi kuti Juneteenth likhale tchuthi cha dziko lonse. Chifanizo chawo chili ku Galveston.

Lamulo lija linapeza mwambo uli wamoyo chifukwa mabanja anausunga popanda wowalamula. Akanautaya, phungu sakanakhala ndi chokateteza ku nyumba ya malamulo. Udindo umenewo uli m'manja mwa aliyense wasonkhana pabwalo lino.