APULOFESA NDI MAFUNSO A KWATHU KUNO

Mawu amene adalankhula mmodzi mwa ophunzira akale pa msonkhano wa pachaka wa bungwe lathu ku Nkhata Bay



Komiti idandipempha kuti ndilankhule za ntchito ya aphunzitsi a m'sukulu za ukachenjede. Akuti ana athu a Fomu 4 akhala akufunsa kuti kodi pulofesa amagwira ntchito yanji, nanga munthu amafika bwanji pamenepo. Funsoli ndi labwino, ndipo poliyankha sindipita kutali. Ndatola anthu owerengeka amene ntchito yawo idakhudza doko lino, nyanja yathu, minda yathu ndi midzi yathu.

Ndiyambe ndi njira yake. Munthu akatsiriza digiri yoyamba, imene kwathu kuno kawirikawiri imatenga zaka zinayi, ndipo akakhoza bwino kwambiri, yunivesite imatha kumusunga kuti azithandiza kuphunzitsa. Kenaka amakachita digiri yachiwiri, ndipo pambuyo pake yachitatu, imene imam'patsa dzina loti Dokotala ngakhale sabaya jekeseni. Pa digiri yachitatuyi palibe zoloweza notsi. Munthu amasankha funso limodzi limene silidayankhidwepo, nalitsata kwa zaka zitatu, zinayi kapena kupitirira. Upulofesa nawo subwera chifukwa cha imvi ayi. Umabwera chifukwa cha zimene munthu wafufuza ndi kusindikiza, akatswiri anzake a m'mayiko ena ataziyesa ndi kuzivomereza. Choncho ntchito yake ili patatu: kuphunzitsa, kufufuza, ndi kuthandiza anthu ndi zimene wapezazo. Tsono funso lofufuzalo limachokera kuti? Tiyeni titsikire kudoko.

M'zaka za 1954 ndi 1955 gulu la akatswiri a nsomba lidamanga maziko ake kuno ku Nkhata Bay pofufuza za kumpoto kwa nyanja. Mmodzi mwa iwo adali mnyamata wa ku Mangalande dzina lake Geoffrey Fryer. Iyeyu adachita chidwi ndi tinsomba ta m'miyala timene ambirife tinkangoweza ndi mbedza tikaweruka kusukulu. Adadabwa kuti mitundu yambirimbiri ya tinsombati imakhala pa miyala imodzimodzi, yambiri mwa iyo nkumadya ndere za pamiyala yomweyo, koma uliwonse uli ndi mano ndi kamwa lakelake. Adaonanso kuti tinsombati sitikonda kudutsa pamchenga, kotero ta pagombe lina la miyala timatha kusiyana ndi ta pagombe lina. M'chaka cha 1956 adalembetsa m'mabuku a sayansi kansomba ka pano kotchedwa Labidochromis caeruleus, kamene lero anthu amaweta m'magalasi m'nyumba zawo ku Ulaya, ku America ndi kwina. M'chaka cha 1972 iye ndi mnzake T. D. Iles adatulutsa buku lalikulu la nsomba za m'nyanja zikuluzikulu za mu Africa, ndipo chaka chomwecho Fryer adasankhidwa kulowa m'bungwe la Royal Society ku London. Koma tamverani ichi: dzina limene dziko lonse limatchula tinsombati, loti mbuna, silidachokere ku London. Ndi la asodzi a Chitonga a m'mbali mwa nyanja muno.

Nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse pa dziko lapansi, ndipo malo ake akuya kwambiri, pafupifupi mamita 700, ali kumpoto kwa doko lino. Pansi pa mamita 250 madzi alibe mpweya woti nsomba nkupuma. M'chaka cha 2005 apulofesa a za miyala ndi nthaka, monga Christopher Scholz wa ku Yunivesite ya Syracuse, Thomas Johnson wa ku Minnesota ndi Andrew Cohen wa ku Arizona, adakweza makina obowolera pansi pa chombo chonyamula katundu chotchedwa Viphya. Musasokoneze ndi Vipya ija idamira m'chaka cha 1946. Adabowola matope a pansi pa nyanja mamita oposa 300, ndipo matopewo adawawerenga monga timawerengera buku, tsamba ndi tsamba. Adapeza kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kudagwa chilala choopsa kangapo, mwakuti madzi a nyanjayi adatsika mamita oposa 500. Kunena kwina, pamene pamaima Ilala lero padali pamtunda pouma, madzi ali kutali kumusi. Amene amati nyanja singathe aziganizire zimenezi.

Tichoke m'madzi tilowe m'munda. Ife a kuno tidakulira kondowole. Kwa zaka zambiri alangizi ankadabwa kuti bwanji alimi a kuno amakakamira chinangwa chowawa monga gomani, chokhala ndi poizoni, pamene chozizira monga mbundumali chilipo. Ena ankayesa kuti ndi umbuli. M'zaka za m'ma 1990 mayi wina wa Chimalawi, Linley Chiwona-Karltun, adabwera m'boma lino ndi kukhala pansi ndi amayi kuwafunsa bwinobwino. Adagwira ntchitoyi pamodzi ndi John Saka, mphunzitsi wa kemisitiri ku Chancellor College, Jonathan Mkumbira, katswiri wa mbewu ya chinangwa, ndi Hans Rosling wa ku Sweden, dokotala amene adaonapo anthu akulumala miyendo kumpoto kwa Mozambique m'chaka cha 1981 chifukwa chodya chinangwa chowawa chosakonzedwa bwino pa nthawi ya chilala. Zimene adapeza adazisindikiza m'chaka cha 1998. Amayi adafotokoza kuti chinangwa chowawa ndi nkhokwe yodzilonda yokha. Wakuba sangachizule nkudyera pomwepo, anyani ndi zilombo zina sizichikonda, ndipo mwini munda ndiye amasankha tsiku lokumba. Poizoniyo amam'dziwa, ndipo amadziwa kum'chotsa pochiviika m'madzi masiku angapo asanachiyanike ndi kuchisinja. Atayesa mu labotale adapeza kuti lilime la mlimi silinama: chinangwa chimene amayi adati nchowawa ndicho chidali ndi poizoni wambiri. Mayi Chiwona-Karltun adalandira digiri yawo yachitatu ku Karolinska Institutet m'chaka cha 2001, nakhala mphunzitsi pa yunivesite ya zaulimi ku Uppsala. A Saka nawo adadzakhala mkulu wa Yunivesite ya Malawi m'chaka cha 2013, ndipo pambuyo pake wa Yunivesite ya Mzuzu.

Achikulirepo mukumbukira kodikodi, tizilombo tija tidaononga chinangwa kuno cha m'ma 1986 ndi 1987, mabanja ambiri nkumagona ndi njala. Mankhwala ake sadali opopera. Akatswiri a tizilombo, motsogozedwa ndi Hans Herren wa ku bungwe la IITA ku Nigeria, adakatenga ku South America timavu ting'onoting'ono timene timaikira mazira m'thupi la kodikodi, natimwaza m'mayiko a mu Africa olima chinangwa, kuphatikizapo lathu lino. Nawo a Louis Msukwa a ku Centre for Social Research ku Zomba, pamodzi ndi David Pelletier wa ku Yunivesite ya Cornell, adalemba za mmene nkhani ya njalayo idayendera kuchokera kumidzi kukafika kwa akuluakulu ogamula za chithandizo. Mukuona tsono kuti vuto limodzi lidafuna wodziwa tizilombo, wodziwa za zakudya ndi wodziwa za chikhalidwe cha anthu.

Tsopano za maulendo. Palibe banja muno lopanda wachibale amene adapita ku Joni, ku Harare kapena ku migodi ya ku Zambia. Clements Kadalie wa ku Chifira, amene adayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town m'chaka cha 1919, adali mmodzi mwa oterewa. M'zaka za m'ma 1950 Jaap van Velsen adakhala m'midzi ya Atonga kuno, ndipo adapeza kuti amuna oposa theka adali kunja kwa dziko. Ambiri nthawi imeneyo ankati maulendowa akupasula midzi. Iye adatsutsa, nati amunawo ankatumiza ndalama ndi katundu, nkumatsatira milandu ya malo ndi ya ufumu ali konko, chifukwa ankadziwa kuti tsiku lina adzabwerera. Buku lake, The Politics of Kinship, lidatuluka m'chaka cha 1964, ndipo pambuyo pake adakhala pulofesa pa Yunivesite ya Zambia.

Patapita zaka, nkhani yomweyi adaitola Mmalawi, Wiseman Chijere Chirwa, katswiri wa mbiri yakale wa ku Chancellor College, amene digiri yake yachitatu adaitenga ku Queen's University ku Canada m'chaka cha 1992 polemba za Theba, maulendo ndi usodzi. Paja ndege ya Wenela itagwa ku Francistown m'chaka cha 1974 nkupha Amalawi oposa 70, boma lidaletsa kulemba anthu a ku migodi, ndipo adayambiranso m'chaka cha 1977. Kuyambira m'chaka cha 1988 amuna pafupifupi 13,000 adabwezedwa kuchokera ku South Africa, chifukwa chake akuti ena mwa iwo, pafupifupi 200, adapezeka ndi kachilombo koyambitsa Edzi. A Chirwa atafufuza adaonetsa kuti matendawo adali chophimba chabe, pakuti eni migodi ankafuna kale kuchepetsa antchito ochokera kunja. Abambo athu ambiri adabwera kumudzi ndi manyazi osadziwa chimene chidawachotsetsa ntchito. Padafunika munthu wophunzira, wodziwa chilankhulo chawo, kuti awatsuke manyaziwo.

Ndisaiwale za chilankhulo. A David Mphande, m'busa ndi mphunzitsi amene adagwira ntchito pa Yunivesite ya Mzuzu, adasonkhanitsa miyambi ndi nthano za Chitonga, ndipo buku lawo lofotokoza mmene Atonga amalangira ana kudzera m'miyambi ndi nthanozo lidasindikizidwa ku Mzuzu m'chaka cha 2014. Zimene agogo ankatiuza pamoto madzulo, iwo adaziyesa nkhani yoyenera digiri, ndipo adakhoza.

Anzanga, mwaona chimene chikulumikiza anthu onsewa? Wa nsomba adaphunzira kwa asodzi, wa chinangwa kwa amayi a kumunda, wa mbiri kwa matchona, wa miyambi kwa agogo. Nzeru zidali pano kale. Iwo adabweretsa kudekha, kulemba mosamala ndi kuyesa, paja amati kuona maso a nkhono nkudekha. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo tiyenera kuthokoza alendo amene adatilembera zambiri. Komatu nthawi ya Fryer ndi van Velsen dziko lino lidalibe yunivesite ngakhale imodzi. Yunivesite ya Malawi idalandira ophunzira ake oyamba m'chaka cha 1965, ya Mzuzu m'chaka cha 1999, ya Livingstonia m'chaka cha 2003. Lero mwana wa pano akhoza kukwera basi m'mawa, nkukafika pa yunivesite dzuwa lisanatenthe. Mishoni ya ku Bandawe idayamba kuphunzitsa makolo athu m'chaka cha 1881. Ngati patatha zaka zoposa 140 tikudikirabe ena kuti adzatiuze chifukwa chimene usipa ukusowera, kapena chochita ndi matenda a chinangwa, mlandu ukhala wathu.

Ndipo nthawi sikutidikira. Amuna amene adakwera ndege za Wenela akutha mmodzimmodzi. Makalata awo, ziphaso zawo ndi zithunzi zawo zikudyedwa ndi chiswe m'masutikesi. Amayi odziwa kusiyanitsa mitundu ya chinangwa pongoyang'ana tsamba akukalamba. Nawo ana anzeru, makamaka atsikana, akulekezera sukulu panjira chifukwa chosowa fizi.

Choncho ndili ndi mapempho atatu kwa bungwe lathu. Loyamba: tigule mabuku olembedwa za kwathu kuno, monga awa ndatchulawa ndi la John McCracken la mbiri ya Malawi la m'chaka cha 2012, tiwaike mu laibulale ya sukulu ino. Nzomvetsa chisoni kuti mwana wa ku Ulaya akhoza kuwerenga za mudzi wathu pamene mwana wa m'mudzimo bukulo sadalionepo. Lachiwiri: tipemphe a Hedimasitala atilole kuthandiza kalabu ya ophunzira yoti pa tchuthi izipita kwa akuluakulu kukalemba ndi kujambula zimene akudziwa. Foni ndi kope nzokwanira kuyambira. Chaka chilichonse tiziwalipirira ulendo wokaona ntchito ya akatswiri a mbewu ku Mkondezi, ndi wina wopita ku Yunivesite ya Mzuzu kumene kuli aphunzitsi a za nsomba, nkhalango ndi madzi, ndipo tiziitana mmodzi mwa aphunzitsiwo kudzacheza ndi ana. Lachitatu: thumba lathu la fizi tilikuze kuti lisamalekere pa Fomu 4. Mwana amene wasankhidwa kupita ku yunivesite asakhale pakhomo chifukwa chosowa ndalama ya basi ndi ya malo ogona. Mutu umodzi susenza denga, koma tikasonkha tonse, a ku Lilongwe, a ku Blantyre ndi inu a ku Joni amene mudzawerenge mawuwa m'kalata yathu, tikhoza.

Kwa inu ana a sukulu amene mwakhala kumbuyoko ndikuti: mukaona nkhungu zikufuka panyanja ngati utsi, kapena asodzi akubwera ndi bwato lopanda kanthu, musangoti ndi mmene zimakhalira. Funsani chifukwa chake, mulembe tsiku ndi zimene mwaona, mawa mukaonenso. Apulofesa onse ndatchulawa adayamba choncho.

A Msungichuma ali ndi buku lawo pakhomo paja, ndipo andiuza kuti satseka mpaka tonse titatuluka.