Mbidzi za ku Nyika ndi nthawi yoletsa kabulu kuyamwa

 Lero tikwera ku Nyika, paki yoyamba m'dziko muno, yomwe inakhazikitsidwa mu 1965, ndipo mbali ina ili m'boma lathu lino la Chitipa. Kumeneko kuli mbidzi za mizere yopyapyala yothithikana mpaka kumapazi, zomwe akatswiri anazitcha dzina la Richard Crawshay. Mbidzi ndi m'bale wa bulu ndi kavalo. Ndiye funso limene aweti a abulu amalimbana nalo, loti kabulu kaletsedwe liti kuyamwa, mbidzi inaliyankha kalekale popanda munthu woilangiza. Yankho lake ndi loti mwana asachotsedwe kwa make msanga, ndipo ine ndikuti mlimi amvere mbidzi.

Taonani mmene imachitira. Imakhala ndi bere pafupifupi chaka chathunthu, ngati bulu. Mwana akabadwa, ola lisanathe waimirira kale ndipo akutha kutsata make. Masiku oyambirira make amathamangitsa mbidzi zina zonse zofuna kuyandikira, kuti mwanayo azolowere fungo lake, mawu ake ndi mizere yake. Sabata ziwiri zisanathe kamwanako kayamba kubudula nsonga za udzu, koma apa n'kusewera chabe, chakudya chenicheni ndi mkaka. Kamayamwabe mpaka miyezi 8, kena mpaka 11, ndipo make saletsa tsiku limodzi ayi. Amayamba kusuntha mwana akafuna bere, kenaka kumukankha ndi ntchafu, kenaka kumuopseza ndi mwendo, kuyamwa n'kumachepa pang'onopang'ono. Ngakhale bere litatha, mwanayo amakhalabe m'gulu lomwelo kwa chaka china kapena kuposerapo.

Chifukwa chake chili m'mimba. Ng'ombe imabzikula, koma bulu ndi mbidzi sizibzikula. Zili ndi chifu chimodzi chaching'ono, ndipo udzu umakagayidwa m'matumbo aakulu ndi tizilombo tosaoneka ndi maso. Mwana sabadwa nato tizilomboti. Amene anawetapo abulu anaonapo kabulu ka sabata zochepa kakudya ndowe zatsopano za make, ena n'kumakamenya poganiza kuti ndi uve. Musakamenye. Kakutenga tizilombo tomwe tidzakathandize kugaya udzu. Ntchito imeneyi imatenga miyezi, ndipo kabulu kochotsedwa pa miyezi itatu kapena inayi kamakhala ndi mano odyera udzu koma mimba yosakhwima. N'chifukwa chake kamatupa mimba, ubweya n'kuyima, nthiti n'kumawerengeka. Palinso mtima. Bulu ndi nyama yokondana kwambiri ndi mnzake, ndipo akalekanitsidwa mwadzidzidzi amatha kungosiya kudya. Bulu akasiya kudya masiku angapo, mafuta a m'thupi amakhuthukira m'magazi, matenda omwe amapha msanga. Malire otsikitsitsa akhale miyezi 6, ndipo ngati palibe chokakamiza, dikirani miyezi 8 mpaka 10.

Wina anena kuti: mbidzi ilibe ngolo yokoka, pamene bulu wanga ndiye amatuta chimanga, njerwa ndi madzi, nanga ndidikire chaka ntchito itaima? Dandaulo limeneli ndi lomveka, koma likusokoneza zinthu ziwiri. Kugwira ntchito n'kwina, kuletsa kuyamwa n'kwina. Make akapuma miyezi itatu yoyambirira, angathe kubwerera pa ngolo pa maulendo afupiafupi ndi katundu wopepuka, mwana akuyenda pambali kapena akudikira m'khola pamodzi ndi bulu wina amene anamuzolowera, n'kuyamwa make akabwera. Chimene sichiyenera ndi kutenga kabulu pa ulendo wautali wa pamsewu wa Karonga pakati pa magalimoto, kapena kukamanga pa ngolo pomwepo. Mafupa a bulu sakhwima mpaka zaka zitatu kapena zinayi, ndipo wosenzetsedwa katundu ali wamng'ono amatha kupindika msana moyo wake wonse.

Wina anena kuti make waonda, mwana akumumaliza. Apa mpofunika kuona bwino. Nthawi zambiri chomuondetsa si mwana koma njala ndi njoka za m'mimba, ndipo mankhwala ake ndi madeya pang'ono, masamba ouma a mtedza kapena nyemba, mchere, madzi okwanira, ndi kuitana mlangizi wa ziweto. Koma ndivomere kuti ilipo nthawi imene kuletsa kumakhala koyenera: make akatenganso bere lina, n'kumaondabe ngakhale mukumudyetsa, mwana woyamba atapitirira miyezi 6, mulekanitseni. Ngakhale mbidzi imaletsa mwana wamkulu wina asanabadwe. Enanso amati azungu oweta akavalo ku Ulaya ndi ku America amaletsa pa miyezi 4 mpaka 6. Zoona, koma iwo ali ndi chakudya chogula chopangira ana a akavalo, ndipo ngakhale kumeneko madokotala a ziweto apeza zilonda za m'chifu mwa ana ambiri oletsedwa msanga. Kutengera tsiku lawo popanda nkhokwe yawo n'kudzipweteka.

Kuno kwathu kalendala yeniyeni ndi msipu. Kabulu kokwanitsa miyezi 7 mu Okutobala, tchire litapsa, madambo atauma, kasiyeni kayamwebe mpaka mvula itagwa ndi udzu utaphuka mu Disembala kapena Januwale. Komwe kakwanitsa msinkhuwo mu Epulo kapena Meyi kali pabwino, pakuti udzu ulipo ndipo zotsalira za m'munda zikubwera, kungoti kumadera okwera ngati ku Misuku muganizirenso chisanu cha Juni ndi Julayi. Za mtengo wake musaiwale: mu Febuluwale 2024 atsogoleri a African Union, pa msonkhano wawo ku Addis Ababa, analetsa kupha abulu pofuna zikopa, chifukwa malonda amenewo anali kuwatha m'maiko ambiri. Kabulu kamodzi kakafa lero, kupeza kena si masewera.

Tsiku loletsa likafika, yambani ndi maola ochepa, mawa lake onjezerani, kwa sabata ziwiri kapena zitatu. Mpanda ukhale woti awiriwo azionana ndi kununkhizana koma mwana osafikira bere, ndipo usakhale wa waya waminga, chifukwa kabulu kolira make kamadziponya paliponse. Make muchepetsereni madeya kuti mkaka uphwe, ndipo m'mawa uliwonse gwirani bere lake. Likatentha ndi kuuma ngati mwala, itanani mlangizi tsiku lomwelo.